Pedal ya LM386 inkalira bwino pa breadboard, mchitini yayamba misala

Funso: Ndinapanga pedal ya fuzz ya gitala, kabokosi koponda konyenya mawu, ndi IC ya LM386, kachipangizo ka miyendo 8 kokweza mawu, batire ya 9V, ma diode awiri ndi ma pot awiri (ma resistor osintha popotoza), ina ya gain, kutanthauza mlingo wokwezera mawu, ina ya voliyumu. Pa breadboard, bolodi yoyeserapo osawotcherera, inkalira bwinobwino koma nditawotcherera pa stripboard, bolodi ya mizere ya kopa, nkuika mchitini chachitsulo ndi switchi yoponda ija zonse zasokonekera. Ndikaponda imaphulika kuti thi, kenaka imalira tswiii, kung'ung'udza sikusiya, usiku mpaka ndimamva wailesi mu ampu. Pot ya gain olo ndipotoze bwanji palibe chikusintha. Ndiwotchererenso zonse? Komanso ndikufuna izilira ngati wailesi yakale osati kumangokalipa.

Achimwene, chowotcheracho chizimitseni kaye. Ndikudziwa zikafika apa manja amayabwa, umangofuna kupsereza paliponse pomwe pakuoneka pokayikitsa, koma mukatero muonjezera mavuto atsopano pamwamba pa akalewo ndipo simudzadziwanso kuti chinalakwika chinali chani. Pa breadboard inkalira eti, nde kuti circuit yanu ili bwino ndipo IC inali yamoyo, cholakwika chalowa nthawi yosamutsayi basi. Zomwe mwatchulazi ndi mavuto angapo osiyana, lililonse lili ndi kochokera kwake, nde tengani multimeter tiwagwire limodzi limodzi.

Ndiyambe ndi pot ya gain yosagwira ntchitoyo chifukwa ndi imene yaulula zambiri. Pa LM386 gain imakhala pakati pa mwendo 1 ndi mwendo 8. Mukaisiya miyendo iwiriyi osalumikizapo kanthu IC imakweza mawu ka 20, mukaikapo capacitor ya 10uF imakweza ka 200, resistor ya 1.2k pamzere umodzi ndi capacitor ija imakupatsani cha mma 50, ndipo pot yanuyo ntchito yake ndi kukuyendetsani pakati pa manambala amenewa. Tsono taonani mmene IC imakhalira pa stripboard, mwendo 1 ndi 8 imayang'anizana ndipo yonse imagwera pa mzere umodzi wa kopa. Ngati mzerewo simunaudule pansi pa IC, kapena munadula koma katsala kaulusi ka kopa mmbali mwa bowo kosaoneka ndi maso, miyendo iwiriyo yagwirana, gain yakakamira pa 200 ndipo pot mungapotoze mpaka dzanja kutopa palibe chisinthe. Mizere yodula pansi pa IC ndi inayi, wa 1 ndi 8, wa 2 ndi 7, wa 3 ndi 6, wa 4 ndi 5. Wa 4 ndi 5 ndiye woopsa, umagwetsera output ku ground, mbali ya negativu ya batire, IC nkuyamba kutentha, wa 3 ndi 6 umathira 9V yonse pa input.

Chotsani batire, zulani IC ngati ili mu socket, ikani mita paja imalira kuti piii mawaya akagundana, muyeze miyendo yoyang'anizanayo iwiri iwiri. Pomwe yalira osasiya tengani drill bit ya 3mm muizungulize ndi zala pabowopo mpaka kopa yense achoke. Mukatha pamenepo yendetsani nsonga ya kampeni mmipata yonse ya pakati pa mizere, kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, solda amakonda kudumphira pa mzere woyandikana ndipo kadontho kochepetsetsa nkokwanira kupanga shoti. Muonenso pot yeniyeniyo, ngati mwawotcherera pa miyendo iwiri yakumapeto nkusiya wapakati ndiye kuti mwaisandutsa resistor wamba, siingasinthe kanthu. Ndipo ikhale ya 1k, ikakula 5k basi, chifukwa mkati mwa IC muli kale resistor ya 1.35k pakati pa miyendo imeneyi, mukaika pot ya 100k kusintha konse kumaunjikana kumapeto kwenikweni, kwina konseko zii.

Chinanso chomwe chimagwetsa anthu ambiri posamutsa ndi kawerengedwe ka miyendo. Mukaiyang'ana IC pamwamba, kachibowo kali kumtunda, mwendo 1 uli kumanzere pamwamba, mumatsika mpaka 4, kuwolokera kumanja pansi pa 5, nkukwera mpaka 8. Mukatembenuza bolodi kuti muwotcherere zonse zimatembenuka, 1 amapita kumanja. Lembani ka 1 ndi maka kunsi kwa bolodi musanachite china chilichonse.

Kenaka bwezerani IC ndi batire, lowetsani kebulo ku input ngati munagwiritsa jack ya stereo yoyatsira batire, waya wakuda wa mita pa ground, wofiira muziyenda nawo. Mwendo 6 ukhale cha mma 9V, mwendo 5 ukhale theka lake, 4.5V kapena pafupi, 4 ndi 2 ikhale 0, mwendo 3 pafupifupi 0, pomwe 1 ndi 8 imakhala cha mma 1.3V. Nambala yomwe ine ndimathamangira ndi ya mwendo 5. Ikakhala pa theka IC ikupuma bwino ndipo vuto lili kunja kwake, ikatsikira ku 0 kapena kukwera kufupi ndi 9 pali shoti penapake kapena IC yapita. Batire muziyeza ili mu circuit momwemo, yotha imatha kuonetsa 9V ili payokha koma kungoilumikiza nkugwa pa 6. Ngati mita yanu imayeza ma mA idutsitseni pa waya wofiira wa batire, LM386 ikakhala phee imadya cha mma 4mA, kuphatikiza za LED ngati ilipo, nde mukaona 40 kapena 50 pomwe palibe sipika yomwe ikukoka, dziwani kuti pali shoti kapena IC ikudzilirira yokha pa mawu okwera kwambiri omwe khutu silimva. Igwireni ndi chala, siyenera kutentha ngakhale pang'ono.

Simunanene ngati munaika jack ya adaputa, koma ngati munaika tamverani izi. Ma pedal ambiri amatsata kachitidwe ka kampani ya Boss, pulagi ya 2.1mm yomwe negativu ali pakati, pozitivu ali kunja. Mukamanga jack yachitsulo pa chitini chachitsulo pozitivu uja amagunda chitini, chitini ndi ground, shoti yomweyo. Jack yake ikhale yapulasitiki. Ikaninso diode ya 1N5817 pamzere wa pozitivu kuti tsiku lomwe munthu adzalowetse adaputa yotembenuka IC isapse, imangodya cha mma 0.3V. Ma adaputa akale olemera aja olembedwa 9V ena amatulutsa 12 kapena kuposa akakhala opanda katundu, pomwe LM386N-1 malire ake ogwirira ntchito ndi 4V mpaka 12V, nde yezani kaye. Pofufuza vuto gwiritsani batire basi kuti phokoso la adaputa lisakusokonezeni.

Ma voltage akakhala bwino koma mawu akutayika kapena kufooka penapake, pangani audio probe, sizitenga mphindi khumi. Kebulo yakale ya gitala, dulani mutu umodzi, pa waya wapakati wotchererani capacitor ya 100nF, ija yolembedwa 104, mwendo wake winawo ndiye nsonga yanu yogusira, waya wakunja uja muike kakilipi ka mano mumangirire ku ground ya pedal. Mutu wotsalawo upite ku ampu, voliyumu pansi. Lowetsani nyimbo ya pafoni ku input motsitsa kwambiri kuti manja onse akhale omasuka, muziyenda ndi nsongayo momwe mawu amayendera, pa jack, pa switchi, capacitor yolowera mbali zonse ziwiri, mwendo 3, mwendo 5, capacitor yotulukira, ma diode, pot ya voliyumu, switchi kachiwiri, jack yotulukira. Zili ngati kufufuza pomwe paipi yatsekeka, pomwe madzi afika ndi pomwe sanafike, vuto lili pakati pamenepo. Pa mwendo 5 chenjerani ndi makutu, mawu amadumpha kwambiri. Pomwe mwapeza ndi pomwe muwotchererenso, ndipo solda wabwino amaoneka wosalala atakwera mwendo ngati kaphiri, woipa amakhala kampira kotuwa kongokhala pamwamba osagwira kopa. Tenthetsani mwendo ndi kopa limodzi masekondi awiri atatu kenaka solda, osati kusungunula solda pa chowotchera nkumapaka. Utsiwo musaupume, ndipo sambani mmanja mukatha, solda wambiri amakhala ndi mtovu.

Tsopano tswiii uja. Gain ya 200 ndi yambiri achimwene, kamawu kochepetsetsa kochokera ku output kakangobwerera ku input kamakwezedwa ka 200, nkubwereranso, basi kulira kwayamba. Pa breadboard mawaya anali otayana, mchitini mwawapanikiza pamodzi ndipo pa switchi yoponda ija, ya 3PDT, waya wolowa ndi wotuluka amakhala moyandikana kwambiri. Yesani izi, pedal ikulira choncho tengani bolopeni yapulasitiki muzikankha mawaya uku ndi uku, mukamva kulirako kukusintha mwamupeza wolakwa. Afupikitseni, wa input adutse mbali ina ya chitini wa output mbali ina, akamakumana adutsane mopingasa osati kuyenda limodzi, ndipo wochokera pa jack kupita pa switchi ndi pa bolodi akhale wa shield, shield yake mulumikize ku ground mbali imodzi yokha. Koma nthawi zambiri LM386 imalira chifukwa cha magetsi ake. Imafuna capacitor ya 100uF pakati pa 9V ndi ground, komanso ya 100nF yomwe ikhale pafupi penipeni ndi mwendo 6 ndi 4, osati kutali kumapeto kwa bolodi, pafupi ndithu miyendo yake yofupika. Popanda zimenezi mumamva tswiii kapena pho pho pho ngati injini ya boti, makamaka batire ikayamba kutopa. Onjezani resistor ya 10 ohm ndi capacitor ya 47nF pamzere umodzi kuchokera mwendo 5 kupita ku ground, datasheet, pepala la opanga IC, imaonetsa zimenezi ndipo anthu amazisiya poganiza kuti ndi za sipika zokha, komanso 10uF kuchokera mwendo 7 kupita ku ground. Tizinthu tinayi timeneti timatontholetsa ma LM386 ambiri. Pa switchi onetsetsani kuti timiyendo take tophwatalala tagona mopingasa mukamatsata chojambula, mukaitembenuza ka 90 zolumikiza zonse zimasokonekera, ndipo sankhani kalumikizidwe komwe kamagwetsera input ya circuit ku ground mukakhala pa bypass, pomwe mawu akulambalala circuit, apo ayi muzimva kakulira kobisika ngakhale pedal ili yozimitsa.

Kung'ung'udza kwa nguuu ndi magetsi a mnyumba, 50Hz kapena 60Hz malinga ndi dziko. Choyamba tsitsani voliyumu ya pa gitala penipeni mpaka 0. Kukasiya, kukuchokera ku ma pickup, makamaka a single coil, pedal ikungokweza zomwe yapatsidwa, ndipo mukatembenuka ndi gitalayo kapena kutalikira ampu, kompyuta ndi ma tchaja muona kukuchepa. Kukapitilira, ndi chitini chanu. Chitini chimateteza pokhapokha chitalumikizidwa ku ground, ndipo zitini zambiri zili ndi penti kapena vanishi wosaoneka yemwe salola magetsi kudutsa. Masulani jack imodzi, palani pansi pa nati mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, muyeze ndi mita kuchokera pa ground ya bolodi kufika pa chitini komanso pa chivindikiro, paliponse ilire. Chivindikiro ndi chomwe chimaiwalika. Kunsi kwa bolodi matani kakatoni kapena tepi kuti solda asagunde chitsulo mukatseka, pedal yomwe imalira ili yotsegula nkufa mukaitseka vuto lake ndi limeneli.

Wailesi ndi yosavuta. Kebulo ya gitala ndi mlongoti, ma transistor a pa input ya IC amasandutsa mafunde a AM kukhala mawu, ndipo usiku mafunde amenewa amafika kutali nchifukwa chake mumamva nthawi imeneyo. Resistor ya 10k pamzere wa input kenaka capacitor ya 470pF kuchokera mwendo 3 kupita ku ground, pafupi ndi IC, zatha. Thi wa poponda uja ndi capacitor yolowera yomwe imasunga timagetsi pang'ono ikakhala lende, ikani resistor ya 1M kuchokera pa input ya bolodi kupita ku ground. Akapitilira yezani DC pa output, ikhale 0, ngati pali kanthu capacitor yotulukira mwaitembenuza, mwendo wake wa pozitivu uyenera kuyang'ana ku mwendo 5. Akapitilirabe chotsani LED kaye muone, nthawi zina ndi iyo imakoka magetsi mwadzidzidzi, resistor yake ikwezeni ifike 4.7k kapena 10k.

Nde tifike pa zomwe mukufuna zenizeni, mawu a wailesi yakale. Ambiri amaganiza kuti mawu amenewa, omwe amawatcha lo-fi, ndi kuonjezera gain, ine ndimati ayi, gain yambiri imangokupatsani kukalipa komwe mukudandaulako. Chomwe khutu limamva nkunena kuti iyi ndi wailesi yakale kapena lamya ndi kuchepa kwa mawu mbali zonse, besi palibe, zakuthwa zakumtunda palibe, kwatsala pakati pokha. Lamya zakale zinkadutsitsa kuyambira 300Hz mpaka 3400Hz basi, ndipo mwamwayi LM386 imakufikitsani pamenepo ndi tizinthu titatu. Input yake ndi 50k, nde capacitor yolowera mukaika 10nF, yolembedwa 103, besi imayamba kudulidwa cha mma 300Hz. Mukaika 4.7nF imadulidwa cha mma 680Hz, mawu nkukhala owonda ngati otulukira mmphuno, ena amazikonda. Ku output, pambuyo pa capacitor yotulukira, ikani resistor ya 10k pamzere kenaka 4.7nF kupita ku ground, zimenezi zimadula cha mma 3.4kHz, mukaika 10nF zimatsika pa 1.6kHz mawu nkuda bii ngati akuchokera kuseri kwa chitseko. Masamu ake, chulukitsani 6.28 ndi R (resistor) ndi C (capacitor), kenaka 1 mugawe ndi yankholo, muzisewera nawo. Kudula besi isanalowe mu IC nkofunika kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa besi ndi imene imadzaza IC nkupangitsa ma chord kukhala phala, mukaichotsa koyambirira nsambo iliyonse imamveka payokha olo fuzz ili yambiri.

Ma diode anu akhale pambuyo pa 10k ija, moyang'ana mosiyana, kupita ku ground, osati molunjika pa mwendo 5. A silicon ngati 1N4148 amadula mawu cha mma 0.6V, a germanium ngati 1N34A cha mma 0.3V nde amamveka ofewa, ophwanyika, komanso voliyumu imatsika, ma LED ofiira amadikira mpaka cha mma 1.7V nde mawu amakhala okwera komanso otakasuka. Kwa wailesi yakale ine ndingasankhe germanium mbali imodzi silicon mbali inayo, kusafanana kumeneko kumapereka kakunyenyeka kena kokoma kuposa awiri ofanana. Ikani ka socket pamenepo muzisintha ndi zala, makutu anu ndi amene agamule.

Kenaka pali kuimana magetsi, komwe kwa ine ndi kokoma kuposa zonse. Pot ya 1k pamzere wa pozitivu wa batire, isanafike capacitor ya 100uF ija. Poti IC imadya cha mma 4mA, pot ikafika kumapeto imadya pafupifupi 4V, IC nkutsala ndi 5V, pafupi ndi malire ake apansi, ndipo pamenepo mawu amayamba kung'ambika, noti ikamatha imathothoka nkuduka mwadzidzidzi mmalo mozilala pang'onopang'ono, ngati batire ikutha koma inu ndi amene mwagwira chiwongolero. Mukachepetsa 100uF ija kufika 10uF, pho pho pho tinamuthamangitsa uja amabwerera pot ikakwera, ndipo amasintha mukakhudza nsambo kapena voliyumu ya gitala, ena amaika switchi dala kuti azimuitana akamufuna. Musadabwe nazo, mawu amenewa chiyambire ndi a zinthu zowonongeka, Dave Davies wa gulu la The Kinks mu 1964 anachita kucheka sipika ya ampu yake ndi lezala kuti apeze kunyenyeka kumeneku, pomwe kampani ya Gibson inali itatulutsa kale pedal ya Maestro FZ-1 mu 1962 yochita zofananazo ndi ma transistor atatu a germanium. Koma zoimana magetsizi muchite pomaliza, circuit itakhala kaye chete pa 9V yathunthu, mukayamba pano simudzasiyanitsa phokoso lomwe mwaika dala ndi la shoti.

Mudziwenso kuti ma LM386 samveka mofanana onse. Inayamba ndi kampani ya National Semiconductor, yomwe Texas Instruments inagula mu 2011, palinso NJM386 ya JRC ndi ena ambiri ongotengera osadziwika kochokera, pa 9V kusiyana kwake nkochepa koma mukawamana magetsi aliyense amafa mwa mtundu wake, wina amathothoka mokoma wina amangozima. Ngati munawotcherera IC molunjika pa bolodi ndipo mwendo 5 ukuonetsa kuti yapsa, poichotsa dulani miyendo yonse ndi kapulayala muzizula umodzi umodzi, kuikoka yathunthu kumasenda kopa wa stripboard, ndipo yatsopanoyo ilowe mu socket.

Ma filter ndi ma diode muyesere pa breadboard pomwe paja, chinthu chimodzi nthawi imodzi, muzilemba zomwe mwasintha. Za mchitinizo yambani ndi mizere inayi ya pansi pa IC, ndikukayikira kwambiri wa 1 ndi 8, kenaka ma capacitor a pa mwendo 6. Zikakanikabe nditumizireni ma voltage a miyendo yonse 8 batire ili momwemo, ma mA omwe ikudya, ndi chithunzi chowala bwino cha kunsi kwa bolodi ndi cha pa switchi.